Kulondola Mawu Amene Mulibe m'Baibulo: Ulendo wa ku Nicaea

Tsiku loyamba, Lolemba: Istanbul

Tafika mumzinda wa Istanbul madzulo ano dzuwa litapendeka, ine pamodzi ndi abusa ena opuma pa ntchito, amene anavomera kundiperekeza ngakhale kuti maondo awo sagwirizananso ndi masitepe. Chimene chandibweretsa kuno ndi funso limene mnyamata wina wa m'kalasi langa la okonzekera ubatizo anandifunsa chaka chatha, ine n'kuliyankha mwachidule ngati munthu wothamangira kwina. Iye anati: ngati timaphunzitsa kuti Malemba Oyera ndiwo muyeso wotsiriza wa chikhulupiriro chathu, nanga bwanji timavomereza Utatu Woyera, pamene mawu akuti Utatu sapezeka paliponse kuyambira ku Genesis mpaka ku Chivumbulutso? Ndinamupatsa mavesi anayi, iye anawalemba mwaulemu, koma nkhope yake inaonetsa kuti funsolo linali chikhalire.

Mnyamatayo sananame, mawuwo mulibedi. Woyamba amene amadziwika kuti analemba mawu a Chigiriki akuti trias ponena za Mulungu ndi Theophilus wa ku Antioch cha m'ma 180, ndipo Tertullian wa ku Carthage ndiye anazika mawu a Chilatini akuti trinitas kumayambiriro kwa zaka za m'ma 200. Misonkhano ikuluikulu inayi imene inaumba kanenedwe ka chiphunzitsochi inachitikira m'dziko lomwe lino la Turkey: ku Nicaea mu 325, ku Constantinople (Istanbul wa lero) mu 381, ku Efeso mu 431 ndi ku Chalcedon mu 451. Malo onsewa munthu angathe kuwayendera m'sabata imodzi, ndipo ndicho takonza kuchita.

Pamene tinali kudikira katundu wathu, abusa anandiuza kuti, "Aphunzitsi, musayembekeze kuti miyala ikuyankhani." Ndinavomera, koma ndinati mwina munthu akaima pamene anzake anakanganirana, amamvetsa bwinoko chimene chinkawatentha mtima.

Tsiku lachiwiri, Lachiwiri: İzmit

Tayenda makilomita pafupifupi 100 kulowera kum'mawa kukafika ku İzmit, kumene kale kunkatchedwa Nicomedia. Lero ndi mzinda wa mafakitale ndi doko la zombo, ndipo zotsala za masiku akale ndi zochepa kwambiri, moti wina akhoza kunena kuti tataya tsiku. Ine sindikuganiza choncho. Kuno ndiko kunali likulu la mfumu Diocletian, ndipo pa 23 February 303 asilikali ake anagwetsa tchalitchi chachikulu cha mumzindawu ndi kutentha mabuku opatulika amene anawapeza m'katimo. M'mawa mwake lamulo linapachikidwa poyera lakuti matchalitchi agwetsedwe ndipo Malemba atenthedwe m'dziko lonse la Aroma. Atsogoleri ena a mipingo anapereka mabuku awo kuti apulumutse moyo, ndipo anzawo anawatcha opereka, dzina lamanyazi limene linagawanitsa mpingo wa kumpoto kwa Africa kwa zaka zoposa zana. Ena anakana, ndipo analipira ndi matupi awo.

Kuchokera mu 303 kufika mu 325 ndi zaka 22 zokha. Izi zikutanthauza kuti ambiri mwa mabishopu amene anakakhala pansi ku Nicaea anali ndi moyo pa nthawi imene Mabaibulo ankatenthedwa pamoto, ndipo olemba mbiri akale amanena kuti ena anafika ku msonkhanowo ali ndi zipsera, monga Paphnutius wa ku Egypt amene anamukolowola diso. Ndakhala ndikumva anthu akunena kuti amuna amenewa anasinthanitsa Malemba ndi nzeru za Agiriki pofuna kukondweretsa mfumu. Nditaima pano, mlandu umenewo ndikuuona wovuta kuukhulupirira monga m'mene amaunenera.

Chinthu china chimene ndinawakumbutsa abusa ndi kalata ya Pliny, bwanamkubwa wa chigawo chino cha Bithynia, chimene Baibulo lathu limachitcha Bituniya. Cha m'ma 112 iye analembera mfumu Trajan kuti Akhristu a m'derali amasonkhana tsiku loikika kusanache ndi kuimba nyimbo kwa Khristu ngati kwa mulungu. Pliny sanali Mkhristu ndipo analibe chifukwa chowakometsera. Choncho zaka mazana awiri msonkhano wa ku Nicaea usanachitike, anthu wamba a m'chigawo chomwechi ankapembedza kale Yesu. Funso limene linatsala linali lakuti, anthu amene amanena kuti Mulungu ndi mmodzi, monga alembera pa Deuteronomo 6:4, angapembedze bwanji Yesu popanda kusanduka opembedza milungu iwiri?

Tsiku lachitatu, Lachitatu: İznik

Msewu wopita ku İznik, Nicaea wakale, umadutsa m'mapiri kenaka n'kutsikira kunyanja yaikulu yozunguliridwa ndi minda ya azitona. Tauniyi ndi yaing'ono ndi yabata, ndipo idakali m'kati mwa malinga ake akale, amene kuzungulira kwake ndi makilomita pafupifupi asanu. Tinalowera pa chipata chimene amachitcha cha Istanbul, pomwe galimoto zimadutsa mbali ya miyala imene inaikidwa m'nthawi ya Aroma. Ndinadabwa kuti malo amene dzina lake limatchulidwa m'matchalitchi a dziko lonse ndi ofatsa chotere, mathirakitala akuyenda pang'onopang'ono m'misewu, amphaka atagona pa zidutswa za nsanamira.

Msonkhano wa mu 325 unachitikira m'nyumba yachifumu, imene inafafanizika kalekale. Chimene alendo amakaona tsopano ndi maziko a tchalitchi chakale amene anaonekera pansi pa madzi mu 2014 kudzera pa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba, mamita ochepa chabe kuchokera pagombe. Madzi a m'nyanjayi aphwera, moti mizere ya miyala ikuoneka bwino lomwe: chipinda chachitali chapakati, tinjira tiwiri m'mbali, ndi khoma lokhota la kuguwa. Tinakhala pamenepo kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, ndipo zimene zinachitika ndizilemba mwatsatanetsatane chifukwa zandisautsa.

Abusa anatulutsa Baibulo lawo lakale, lija lomangidwa ndi kansalu kumsana, nati, "Lero ine ndine Arius. Inu nditsutseni ndi Malemba okha." Arius anali wansembe wa ku Alexandria, mlaliki wokondedwa ndi anthu, amene cha m'ma 318 anayamba kutsutsana ndi bishopu wake Alexander. Chiphunzitso chake chinali chakuti Atate okha ndiwo alibe chiyambi, ndipo Mwana, ngakhale ali wamkulu koposa zolengedwa zonse ndipo zonse zinalengedwa kudzera mwa iye, nayenso anachita kulengedwa, kotero kuti panali pamene iye kunalibe.

Ndinayamba ndi Yohane 1:1, pamene akuti Mawu anali kwa Mulungu ndipo Mawuwo anali Mulungu. Abusa anayankha modekha kuti pa Salimo 82 ngakhale oweruza amatchedwa milungu, ndipo Yesu mwini anatchula vesi limenelo pa Yohane 10. Kenaka anatsegula Miyambo 8:22, pamene Nzeru ikunena za chiyambi chake, nandikumbutsa kuti m'Baibulo la Chigiriki limene onse a nthawi imeneyo ankawerenga, vesilo limati Ambuye anandilenga. Ndinapita pa Yohane 10:30, Ine ndi Atate ndife amodzi. Iwo anati ndi umodzi wa mtima ndi cholinga, pakuti pa Yohane 17 Yesu akupempherera ophunzira ake kuti akhale amodzi monga iye ndi Atate, ndipo palibe amene amati ophunzirawo ndi Mulungu. Atatero anandiunjikira ena: Yohane 14:28, pamene Yesu akuti Atate ndi wamkulu kuposa iye, Marko 13:32, pamene akuti ngakhale Mwana sadziwa tsikulo, Akolose 1:15, pamene akutchedwa woyamba kubadwa wa chilengedwe chonse. Ndinakumbukira Tomasi pa Yohane 20:28 akunena kuti Ambuye wanga ndi Mulungu wanga, koma apa n'kuti nditazindikira kale kuti pa vesi lililonse limene ndingatulutse, iwo ali nalo lawo lobwezera.

Atatseka Baibulo anaseka pang'ono nati, "Mwaona, aphunzitsi? Mnyamata wanu uja munamupatsa mavesi anayi. Arius akanamupatsa asanu." Usiku uno tulo sitikubwera msanga. Ndakhala ndikuphunzitsa ngati kuti mkangano wa ku Nicaea unali pakati pa anthu a Baibulo ndi anthu okana Baibulo, pamene zoona zake n'zakuti mbali zonse ziwiri zinalowa m'chipindamo zitanyamula buku lomwelo, ndipo zonse zinkalilemekeza.

Tsiku lachinayi, Lachinayi: İznik

Tagonanso kuno chifukwa nkhani ya dzulo sinathe. M'mawa tinayenda m'mbali mwa linga mpaka ku chipata cha Lefke, ndipo tili m'njira abusa anandifotokozera zimene Athanasius analemba zaka zambiri msonkhanowo utapita. Iye analipo monga dikoni wachinyamata woperekeza bishopu Alexander. Akuti poyamba mabishopu anafunitsitsa kulemba chivomerezo chawo ndi mawu a m'Malemba okhaokha. Atanena kuti Mwana ndi wochokera kwa Mulungu, a mbali ya Arius anavomera msanga, pakuti Paulo amati zinthu zonse ndi zochokera kwa Mulungu. Atanena kuti Mwana ndi mphamvu ya Mulungu, anawaona akunong'onezana ndi kutsinzinirana maso, chifukwa m'buku la Yoweli, monga linkawerengedwera m'Chigiriki, ngakhale dzombe ndi mbozi zimatchedwa mphamvu yaikulu ya Mulungu. Atanena kuti ndi chifaniziro cha Mulungu, iwo anati munthunso ndi chifaniziro cha Mulungu. Mawu aliwonse a m'Baibulo ankalowamo anthu awiri okhulupirira zinthu zosiyana kotheratu.

Apa ndipo anatenga mawu a kunja kwa Baibulo, akuti homoousios, kutanthauza kuti chimene Atate ali, Mwananso ali chomwecho, umulungu wake ndi umodzi womwewo. Analemba kuti Mwana ndi Mulungu wochokera kwa Mulungu, kuwala kochokera m'kuwala, Mulungu weniweni wochokera kwa Mulungu weniweni, wobadwa osati wolengedwa. Mawu amenewa a mbali ya Arius sakanatha kuwapinda. Athanasius sanabise kuti mawuwo mulibe m'Malemba; chimene ananena n'chakuti tanthauzo lake ndi la m'Malemba, ndipo kuti mabishopu anakakamizika kusonkhanitsa ganizo la Malemba onse n'kulinena momveka.

Ndikuona kuti pamenepa ndi pamene pagona yankho la funso lija. Munthu akhoza kunena mawu enieni a m'Baibulo koma akutanthauza zimene Baibulo silikunena, monga Satana anachitira m'chipululu potchula Salimo 91. Ulamuliro wa Malemba sukhala pa kamvekedwe ka mawu ake ayi, koma pa chimene akunena akawerengedwa onse pamodzi. Ndipo chimene chinagamula mlanduwu sichinali kuwerengetsa mavesi kuti ambiri ali mbali iti. Linali funso la chipulumutso ndi la chipembedzo: Yesaya akuti palibe mpulumutsi wina koma Yehova, ndipo Chipangano Chatsopano chikuti Yesu ndiye Mpulumutsi, Malemba amaletsa kupembedza cholengedwa, pomwe pa Chivumbulutso 5 zolengedwa zonse zikugwadira wokhala pa mpando wachifumu pamodzi ndi Mwanawankhosa. Ngati Mwana ndi cholengedwa, ndiye kuti mpingo wakhala ukupembedza fano kuyambira masiku a atumwi. Mavesi a Arius okamba za kuchepa kwa Mwana ali ndi malo ake munthu akakumbukira Afilipi 2, kuti iye anadzichepetsa natenga maonekedwe a kapolo. Koma mavesi okamba za kupembedzedwa kwake alibe pokhala m'nyumba ya Arius.

Sindifuna kukometsa zonse. Msonkhanowu anauitanitsa ndi mfumu Constantine, amene anali atangogonjetsa mfumu inzake Licinius mu 324 ndipo ankafuna bata mu ufumu wake koposa china chilichonse. Mwa mabishopu amene anabwera, omwe mwambo wa mpingo umati anali 318 ngakhale Eusebius wa ku Caesarea amene analipo akuti anali opitirira 250, awiri okha ndiwo anakana kusaina, Secundus wa ku Ptolemais ndi Theonas wa ku Marmarica, ndipo anathamangitsidwa pamodzi ndi Arius. Munthu sangalephere kufunsa kuti ndi angati anasaina chifukwa choopa. Kulowa kwa lupanga la boma m'nkhani za chikhulupiriro ndi chinthu chimene ine sindingachiikire kumbuyo. Komabe amene amati Utatu ndi chiphunzitso cha mfumu ayenera kuwerenga zimene zinatsatira. Mlandu suola: patangopita zaka zochepa Constantine yemweyo anayamba kukondera mbali inayo, anathamangitsa Athanasius mu 335, ndipo pomwalira mu 337 anabatizidwa ndi Eusebius wa ku Nicomedia, bwenzi la Arius. Mwana wake Constantius anagwiritsa ntchito mphamvu zake zonse kuti mawu a ku Nicaea achotsedwe, ndipo mu 360 msonkhano wina unaletseratu mawu otere ponena kuti mulibe m'Malemba. Athanasius anachotsedwa pa mpando wake wa ubishopu ku Alexandria kasanu. Mawuwo anapulumuka pa nthawi imene mafumu ankadana nawo.

Masana tinalowa mu Hagia Sophia wa kuno, tchalitchi chakale cha pakati pa tauni chimene tsopano ndi mzikiti. Tinavula nsapato pakhomo. Muno ndi mmene munachitikira msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787, wokamba za zithunzi zopatulika, ndipo kuguwa kudakali mipando yamiyala yokhala ngati masitepe ozungulira pamene atsogoleri a mpingo ankakhala. Mlendo wina amene tinakumana naye panja anatiuza motsimikiza kuti kuno ndi kumene Constantine anasankha mabuku olowa m'Baibulo n'kutaya ena. Nkhani imeneyi yafala kwambiri pa intaneti koma si yoona. Msonkhano wa mu 325 unakamba za Mwana, za tsiku la Pasaka ndi malamulo 20 a kayendetsedwe ka mpingo. Za mndandanda wa mabuku sunakambepo. Mndandanda woyamba wotchula ndendende mabuku 27 a Chipangano Chatsopano amene tili nawo uli m'kalata ya Pasaka imene Athanasius analemba mu 367, ndipo Mauthenga Abwino anayi ndi makalata a Paulo anali akuwerengedwa m'mipingo monga Malemba zaka zambirimbiri Constantine asanabadwe.

Tsiku lachisanu, Lachisanu: Hagia Irene

Tabwerera ku Istanbul pa boti kuchokera ku Yalova, ndipo titangosiya katundu tinapita ku Hagia Irene, tchalitchi chimene chili m'bwalo loyamba la nyumba yachifumu ya Topkapı. Kuno ndi kumene mwambo umati mabishopu 150 anasonkhana mu 381 ataitanidwa ndi mfumu Theodosius. Nyumba imene ilipo tsopano ndi imene mfumu Justinian anamanganso itapsa pa zipolowe za mu 532. Sinasandutsidwepo mzikiti, kwa zaka zambiri inali mosungiramo zida zankhondo. M'katimo mulibe zokongoletsa, koma njerwa, fumbi ndi nkhunda, ndipo pamwamba pa guwa pali mtanda umodzi waukulu wakuda pa khoma lagolide, wopanda chithunzi cha munthu. Mwa malo onse amene taona, ano ndi amene andikhudza koposa.

Chivomerezo cha mu 325 chitatha kunena zambiri za Mwana, chinangoti, ndi mwa Mzimu Woyera, basi. Choncho panabuka ena ovomereza kuti Mwana ndi Mulungu koma okana kuti Mzimu ndi Mulungu, ndipo mabishopu 36 a maganizo amenewa anatuluka mumsonkhano wa mu 381. Amene anakonza njira anali amuna atatu a ku Cappadocia: Basil wa ku Caesarea, mng'ono wake Gregory wa ku Nyssa, ndi mnzawo Gregory wa ku Nazianzus. Iwo ndiwo anathandiza mpingo kusiyanitsa mawu awiri amene ankasokonezedwa, kuti umulungu ndi umodzi koma Atate, Mwana ndi Mzimu ndi atatu enieni, osati maina atatu a mmodzi wosintha zovala monga ankaphunzitsira Sabellius. Basil anamwalira msonkhanowu usanachitike, koma buku lake lonena za Mzimu Woyera, la cha m'ma 375, linayambira pa kanthu kakang'ono ka m'mapemphero: anthu anamudandaula chifukwa nthawi zina ankapereka ulemerero kwa Atate pamodzi ndi Mwana ndi Mzimu Woyera, m'malo monena kuti kudzera mwa Mwana, mwa Mzimu Woyera. Iye anayankha ndi ubatizo wa pa Mateyu 28:19, kuti timakhulupirira monga tinabatizidwira, ndipo timalemekeza monga timakhulupirira.

Titakhala pa benchi, abusa anandionetsa zinthu ziwiri m'chivomerezo cha mu 381, chimene ndi chija matchalitchi ambiri amanena lero n'kumachitcha cha ku Nicaea. Choyamba, ponena za kuuka kwa Yesu kwa akufa anawonjezerapo mawu akuti monga mwa Malemba, otengedwa pa 1 Akorinto 15:4, amene m'chivomerezo cha mu 325 munalibe. Chachiwiri, ponena za Mzimu sanabwerezenso mawu aja akuti homoousios, koma anati ndi Ambuye, wopatsa moyo, wotuluka kwa Atate, wopembedzedwa ndi kulemekezedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana, amene analankhula mwa aneneri. Pafupifupi chiganizo chilichonse chili ndi vesi kumbuyo kwake. Koma mawu otsirizawo ndi amene anandiimitsa. Ndakhala ndikuphunzitsa za Utatu mwezi wina ndi za kuuziridwa kwa Malemba mwezi wina, ngati mitu iwiri yosakhudzana. Chivomerezo chikuziika pamodzi: Malemba ali ndi ulamuliro chifukwa amene analankhula mwa aneneri ndi Mulungu mwini, monga 2 Petro 1:21 akunenera. Mzimu akakhala cholengedwa, ndiye kuti Baibulo ndi mawu a cholengedwa.

Gregory wa ku Nyssa anadandaulapo kuti mumzinda uno mkanganowu unafika mpaka m'misika, moti ukafunsa wosintha ndalama amakuyankha za wobadwa ndi wosabadwa, ukafunsa za buledi amakuuza kuti Atate ndi wamkulu kuposa Mwana. Iye ankanena modandaula, koma ine ndinawasirira pang'ono anthu amenewo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Loweruka: Hagia Sophia ndi Kadıköy

Mzere wolowera ku Hagia Sophia, tchalitchi chachikulu chakale cha ku Constantinople, unali wautali, ndipo popeza nyumbayi inakhalanso mzikiti mu 2020, alendo amakwera ku chipinda chapamwamba. Abusa anakwera pang'onopang'ono atagwira mkono wanga. Nyumbayi inatsegulidwa mu 537, ndipo pa 16 July 1054 nthumwi ya ku Rome, Kadinala Humbert, inaika pa guwa la muno chikalata chochotsa mumpingo mtsogoleri wa mpingo wa Constantinople. Zifukwa zinali zambiri, koma chimodzi mwa zimene zagawanitsa kum'mawa ndi kumadzulo mpaka lero ndi mawu amodzi a Chilatini, filioque, onena kuti Mzimu amatuluka kwa Atate ndi kwa Mwana, amene akumadzulo anawonjezera m'chivomerezo popanda msonkhano wa mpingo wonse. Akum'mawa amaloza pa Yohane 15:26, akumadzulo amaloza pa Yohane 20:22 ndi Agalatiya 4:6. Pano sindinganene kuti mawu owonjezera anathetsa mkangano, anaubala. Si mawu aliwonse a kunja kwa Baibulo amene ali ndi ufulu umene homoousios anaupeza, ndipo amene akufuna kuwonjezera ayenera kuonetsa kuti Malemba eni ake ndiwo akumukakamiza.

Wotitsogolera anali Msilamu waulemu kwambiri, ndipo atamva zimene tinkakambirana anatiuza mosabisa kuti kwa iye kunena atatu ndi kuipitsa umodzi wa Mulungu. Abusa anamuyankha kuti nafenso timayamba ndi kunena kuti Mulungu ndi mmodzi, ndipo kuti Akhristu oyamba, amene anali Ayuda, sakanalola kutchula Yesu kuti Ambuye akanapanda kukakamizidwa ndi zimene anaona ndi kumva. Sitinagwirizane, koma tinatsanzikana bwino.

Madzulo tinawoloka pa boti kupita ku Kadıköy, Chalcedon wakale. Tchalitchi cha Euphemia chimene munachitikira msonkhano wa mu 451 kulibenso, kuli misika ndi chipwirikiti cha anthu. Kuno ananena kuti Khristu ndi mmodzi, Mulungu weniweni ndi munthu weniweni, popanda kusakaniza ndi popanda kugawa, ndipo mipingo ya ku Egypt, Ethiopia, Armenia ndi mbali ya Syria sinavomere kanenedweko. Sitinakhalitse.

Tili m'boti pobwerera ndinaulula kwa abusa kuti limodzi mwa mavesi amene ndinapatsa mnyamata uja linali 1 Yohane 5:7, monga likupezekera m'Mabaibulo ena akale, lotchula atatu ochitira umboni kumwamba. Anagwedeza mutu. Mawu amenewo mulibe m'mipukutu yakale ya Chigiriki, Athanasius ndi anzake sanawagwiritsepo ntchito pa mkangano wonsewo, ndipo katswiri wa maphunziro Erasmus anawasiya m'Chipangano Chatsopano chimene anasindikiza mu 1516, n'kudzawaika mu 1522 atapanikizidwa. "Mukapite mukamuuze zoona," anatero abusa. "Akadzazitulukira yekha adzakayikira ndi zina zonse zimene munamuphunzitsa."

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, Lamulungu: Efeso

Tinakwera ndege ya m'mamawa kupita ku İzmir, kenaka galimoto mpaka ku Selçuk, pafupi ndi mabwinja a Efeso. Alendo ambiri amathamangira ku laibulale ya Celsus ndi ku bwalo lalikulu la masewera kumene khamu linafuula kwa maola awiri kutamanda Artemi, monga akusimbira Machitidwe 19. Ife tinapatukira kanjira ka kumbali kopita ku mabwinja a Tchalitchi cha Maria, kumene kunalibe munthu wina aliyense.

Muno mu 431 munachitikira msonkhano wokamba za Nestorius, bishopu wa ku Constantinople, amene ankakana kuti Maria atchedwe wobala Mulungu. Kayendetsedwe ka msonkhanowo sikanali kosiririka, pakuti bishopu Cyril wa ku Alexandria anautsegula mabishopu a ku Antioch asanafike, ndipo iwo atafika anachita wawo msonkhano n'kumuchotsa Cyril. Koma Cyril yemweyo analemba chinthu chimene ndakhala ndikuchiganizira tsiku lonse, kuti pakati pa msonkhanowo anaikapo mpando wachifumu, ndipo pampandopo sanakhalepo bishopu kapena nduna ya mfumu, koma buku la Uthenga Wabwino. Kaya anamvera bukulo mokwanira kapena ayi, iwo eni anavomereza poyera kuti woweruza ndi ameneyo, ndipo potero anatipatsa ife ufulu wowayesa ndi buku lomwelo.

Kumpoto kwa tchalitchichi kuli nyumba yobatiziramo, ndipo dziwe lake lidakalipo, lokumbidwa pansi, lokhala ndi masitepe otsikira mbali ina ndi okwerera mbali inayo. Ndinatsikamo. M'katimo munamera udzu, ndipo buluzi anathawira m'mng'alu wa mwala. Abusa anakhala m'mphepete, natsegula Machitidwe 19, nawerenga za amuna ngati khumi ndi awiri amene Paulo anawapeza mumzinda uno, amene atafunsidwa ngati analandira Mzimu Woyera anayankha kuti sanamvepo n'komwe kuti kuli Mzimu Woyera. Funso lotsatira la Paulo linali lakuti, nanga munabatizidwa ndi ubatizo wotani? Kenaka anatsegula Mateyu 28:19, nawerenga pang'onopang'ono, naika chala pa liwu limodzi. "Taonani, aphunzitsi. Akuti m'dzina. Sakuti m'maina."

Tisanabwerere tinapita pa phiri la Ayasuluk kukaona mabwinja a tchalitchi chimene Justinian anamanga pamalo amene mwambo umati ndi manda a Yohane. Abusa anatopa, ndipo anakhala pamthunzi pamene ine ndinkalemba dongosolo la kalasi langa loyamba ndikabwerera. Pa tsamba loyamba ndalembapo Miyambo 8:22, Yohane 14:28, Marko 13:32 ndi Akolose 1:15, ndipo ndidzamupempha mnyamata uja kuti akhale Arius, anzake amutsutse. Za 1 Yohane 5:7 ndidzamuuza tisanayambe. Ndege yathu inyamuka ku İzmir mawa nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndipo abusa andipempha kuti ndiwadzutse 5 koloko.